Mmene mungawedzere nsomba ndi mbedza pa nyanja ya Chiuta

Nyanja ya Chiuta, yomwe ili m'boma la Machinga kumalire a Malawi ndi Mozambique, ndi yaing'ono komanso yosazama, ndipo munthu wofuna kukawedzako ndi mbedza ayenera kuyamba wadziwa nsomba zimene zilimo asanagule chingwe kapena kukumba nyongolotsi. Chiuta imasiyana ndi Chilwa ngakhale kuti pakati pa nyanja ziwirizi pali mtunda wamchenga chabe, womwe njanji yopita ku Nayuchi imadutsapo. Madzi a Chilwa alibe kotulukira, n'chifukwa chake ali ndi mchere, pamene a Chiuta akachuluka amasefukira m'nyanja ya Amaramba mpaka kukalowa mu mtsinje wa Lugenda. Madzi a Chiuta ndi oyera bwino, moti nsomba zimaona msanga chingwe chokhuthala kapena chithunzithunzi cha munthu.

Nsomba zimene woponya mbedza angayembekezere ndi makumba, chilunguni ndi mlamba. Matemba aliponso ambiri, koma amenewa ndi a mono ndi maukonde, ndipo kwa inu ntchito yawo yaikulu ndi kukhala nyambo. Amene akufuna chambo chachikulu ngati cha ku Mangochi asadzivutitse ndi ulendowu.

Mukafika, musathamangire kumadzi. Pitani kaye padoko m'mamawa pamene asodzi akutsitsa nsomba m'mabwato, ndipo muone mitundu yake ndi kukula kwake. Ngati makumba ambiri ali otalika ngati chikhatho kapena kuposa, malowo ali bwino, koma ngati muona timakumba tating'onoting'ono tokhatokha, dziwani kuti mbali imeneyo yaphedwa kwambiri ndipo ndi bwino kufunsa za doko lina. Pomwepo mufunsenso komiti ya padoko, imene anthu amangoitchula kuti BVC, za malamulo a pamalopo ndi za chilolezo. Musachipeputse chimenechi. Anthu a ku Chiuta amadziwika chifukwa chokana khoka la nkacha, lomwe analithamangitsa m'zaka za m'ma 1990 ataona kuti likuwononga madzi ndi nsomba zazing'ono, ndipo lamulo la zausodzi la 1997 linalimbikitsa mphamvu za makomiti otere. Mlendo wofika mwaulemu amauzidwa ngakhale malo amene nsomba zikudya sabata imeneyo.

Nyengo yabwino ya makumba ndi chilunguni ndi kuyambira September mpaka mvula isanayambe, pamene madzi atentha ndi kuchepa, nsomba n'kusonkhana m'malo ochepa. Mu June ndi July madzi amazizira ndipo nsombazi zimadya monyinyirika, kotero kuti mutha kukhala tsiku lonse osaona chingwe chikugwedezeka. Sankhani malo a m'mphepete mwa bango kapena udzu wa m'madzi, makamaka pamene udzuwo walekeza ndipo madzi oyera ayamba. Chilunguni chimadya masamba ndi udzu, motero sichipita kutali ndi zomera. Madzulo a tsiku loyamba mwazani madeya onyowa pamalo amene mwasankha, kenaka mubwerepo m'bandakucha ndi kumwazanso pang'ono. Gwiritsani ntchito mbedza yaing'ono, chingwe chopyapyala ndi ndodo yansungwi yopepuka, ndipo mumangirire kachidutswa ka bango kouma kapena ka nkhwayira yakale kuti kaziyandama ndi kukuonetsani nsomba ikagwira. Nyambo ikhale nyongolotsi, chiwala chaching'ono kapena nsima youmbidwa pamodzi ndi madeya. Makumba sameza nyambo mwaphuma. Amayamba aitompha kangapo, ndipo wokoka msanga amabweza mbedza yopanda kanthu. Dikirani mpaka choyandamacho chimire kapena chiyambe kuyenda cham'mbali.

Mlamba ndiye nsomba yodalirika kwambiri kwa wa mbedza, chifukwa umapirira madzi akachepa kapena akadetsedwa, popeza umatha kupuma mpweya wa kunja. Umadya kwambiri kuyambira chisisira mpaka usiku, ndipo umapeza chakudya ndi fungo ndi ndevu zake osati ndi maso. Apa pakufunika mbedza yaikulu, chingwe cholimba ndi kachitsulo kolemera kuti nyambo ikhale pansi pamatope. Matemba oduladula, matumbo a nkhuku kapena mulu wa nyongolotsi zimagwira ntchito bwino, ndipo nyambo ikayamba kununkha mpamene imakopa kwambiri. Mukaukoka mlamba musaupatse mpata, chifukwa umathawira m'mizu ya bango ndi kukulunga chingwe, ndipo pougwira samalani ndi minga iwiri ya m'mbali mwa mutu, yomwe imabaya mopweteka.

Mvula yoyamba ikagwa, milamba imakwera m'madambo osefukira kukaswa, ndipo imagwidwa mosavuta ngakhale ndi manja. Ine ndimaona kuti imeneyi ndi nthawi yoti wa mbedza apumule, pakuti mlamba wodzaza mazira umene wagwidwa mu December ndi nsomba zambirimbiri zimene nyanjayi yataya. Chimodzimodzinso makumba aakazi amasunga mazira ndi ana m'kamwa. Mukagwira lotere, libwezereni m'madzi msanga.

Pomaliza pali za chitetezo. M'nyanjayi muli ng'ona, kotero musaime m'madzi ofika m'chiuno pafupi ndi bango, ndipo musatsukire nsomba pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Madzi odekha okhala ndi zomera amasunga nkhono zofalitsa likodzo, choncho ndi bwino kukayezetsa kuchipatala mukabwerako ngati munalowa m'madzi. Mukakwera bwato, tengani mwini dera wodziwa njira za m'bango, amene akudziwanso pamene madzi a Malawi alekezera, chifukwa tsidya la kum'mawa ndi la Mozambique ndipo malamulo a usodzi kumeneko ndi ena.