Mwana wanu akufuna kusewera McDonald's All-American? Poyambira ndi apa

Amene muli ndi ana ku high school ku America, McDonald's All-American ndi gemu ya basketball ya osewera bwino kwambiri m'ma high school, ndipo ndi ya omwe akumaliza sukulu chaka chimenecho basi. Mwana sadzilembetsa yekha ayi, dzina amatumiza ndi kochi wake kapena mkulu wa zamasewera pasukulupo, nde yambani kulankhula nawo msanga season isanathe. Mavidiyo a magemu ake sungani, koma osangojambula ma dunk okha (kudumpha n'kulowetsa mpira mu basket ndi dzanja), aoneke akutchinganso ndi kupatsa anzake mpira. Komiti imasankha anyamata 24 ndi atsikana 24, East kulimbana ndi West, nde simasewera, katswiri wa basketball LeBron James anasewera gemuyi mu 2003. Akapanda kusankhidwa afunseni akochi za gemu ya all-star (ya osewera bwino kwambiri) ya state yanu, ngati ija ya Indiana ndi Kentucky.