Khoti lakupeza olakwa pa cheke chobwerera ku India? Mutha kumvanabe

Ambiri amangoganiza kuti majisitireti akagamula basi zatha, ndende. Ayi ndithu. Ku India mlandu wa cheke chobwerera, kutanthauza cheke chomwe banki yakana kulipira, uli pa gawo 138 la lamulo lotchedwa Negotiable Instruments Act la 1881, chilango chake mpaka zaka 2 kapena faindi yofika kawiri ndalama za pachekepo, koma gawo 147 limalola kuti mugwirizane ndi mwini ndalama ngakhale chigamulo chitatuluka kale.

Choyamba musagone, pangani apilo ku Sessions Court, khoti lomwe lili pamwamba pa la majisitireti, masiku 30 asanathe, loya wanu apemphenso belo komanso kuti chilango chiyambe chaima. Konzekerani thumba chifukwa pa gawo 148 khoti litha kukuuzani musungitse kaye 20 peresenti kapena kupitirira ya faindi kapena chipukuta misozi chimene majisitireti anagamula.

Kenako kambiranani ndi amene anakusumirani. Apa ndiye pagona nkhani, iyeyo akakana palibe amene angamukakamize, ndiye zodzikuza zisiyeni pakhomo. Mukamvana lembani pangano, ndalama zingati, tsiku liti, nonse musayine, ndipo lipirani kudzera ku banki umboni ukhalepo, za kashi pamanjazi zimavuta mawa munthu akatembenuka.

Pepala limenelo mupite nalo limodzi kukhoti komwe kuli apilo mupemphe kuti mlandu utsekedwe. Khoti likavomera mumatengedwa ngati osalakwa. Koma kuchedwa kuli ndi mtengo wake, mu 2010 Supreme Court, khoti lalikulu kwambiri ku India, inaika ndalama yowonjezera yoti mulipire, 15 peresenti ya chekecho mukamvana pa apilo ndi 20 nkhani ikafika kwa iwo, mu 2025 anatsitsa kufika 7.5 ndi 10.