Mmene mungawerengere zigamulo za makhoti a ku America pa minda ya alimi obwera ochokera ku Japan

Musanatsegule chigamulo chilichonse, werengani kaye lamulo lenilenilo. Lamulo la ku California la 1913 silinatchule Ajapani, koma linaletsa anthu obwera “osayenera kukhala nzika” kugula minda kapena kuchita lendi yopitirira zaka zitatu, ndipo mu 1920 ngakhale lendiyo inatsekedwa. Popeza malamulo a dziko la America sankalola wobadwira ku Japan kutenga unzika, aliyense ankadziwa amene mawuwo ankamuloza.

Kenaka sanjani milandu motsata zaka, ndipo pa mlandu uliwonse muzifunsa kuti alimiwo anayesa njira iti. Mu November 1923 Khoti Lalikulu la dziko la America linatseka njira zitatu: lendi pa mlandu wa Terrace ndi Thompson (wokhudza lamulo lofanana nalo la m'chigawo cha Washington), kugula masheya m'kampani ya minda pa mlandu wa Frick ndi Webb, komanso kulima mogawana zokolola pa mlandu wa Webb ndi O'Brien. Wotsirizawu muudekhere, chifukwa mlimiyo, Inouye, sanapemphe umwini uliwonse. Ankangofuna kulima maekala 10 n'kutenga theka la zokolola, koma oweruza anati pangano lotero n'chimodzimodzi kumubwereketsa mundawo pa lendi.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa mlandu wa Oyama wa 1948, choncho funsani kuti khoti linateteza ufulu wa yani. Kajiro Oyama anagula maekala 6 ku Chula Vista mu 1934 n'kuwalembetsa m'dzina la mwana wake Fred, wa zaka 6, yemwe anali nzika chifukwa anabadwira ku America. Boma la California linayamba kulanda mundawo mu 1944, banjalo litasamutsidwa kale chifukwa cha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, zomwe kunena zoona zinali nkhanza. Khoti Lalikulu la dziko la America linabweza mundawo poona kuti Fred anasalidwa poyerekeza ndi ana ena, koma lamulo lopondereza bambo ake linalisiya lili chilili.

Muonetsetsenso kuti ndi khoti liti likulankhula. Limene linagwetsa lamuloli linali khoti lalikulu la California, pa mlandu wa Sei Fujii mu 1952, ndipo linakana mfundo ya khoti la apilo yodalira pangano la United Nations, n'kuimira pa ndime ya malamulo oyendetsera dziko yonena za chitetezo chofanana. Lamulolo linafufutidwa m'mabuku anthu atavota mu 1956.