Monita ikuonetsa pinki kapena chikasu mukailumikiza ku laputopu? Yambani ndi kebulo

Ambiri mu Lilongwe muno timalumikiza laputopu ku monita ya kaunjika, zija za Dell ndi HP zotsika m'maofesi a kunja, chifukwa sikirini ya laputopu imachepa pa Excel kapena pokonza zithunzi. Ndiye tsiku lina mumangoona pa laputopu zonse zili bwinobwino, koma pa monita pepala loyera lasanduka pinki, chikasu, kapena zonse zangoyezuka. Musathamangire kukafomatitsa laputopu, ndipo monita musaitaye. Kawirikawiri vuto limakhala pakati pa ziwirizi, pa kebulo kapena pa adaputa, ndipo mtundu umene mukuuonawo ndi umene ukuuzeni pamene pafa.

Choyamba, iyeseni monita payokha. Zulani kebulo yochokera ku laputopu, musiye ya magetsi yokha, n'kudina batani la Menu. Ngati Menu ija komanso kabokosi ka No Signal zikuoneka ndi mitundu yake yeniyeni, monita ili bwino. Ngati nazonso zili pinki, vuto lili m'kati mwake ndipo palibe chimene mungasinthe pa laputopu. Muli pomwepo mu Menu ya monita pangani Factory Reset, chifukwa mwini wake woyamba mwina anaisiya pa Warm kapena anatsitsa mtundu umodzi.

Chachiwiri n'chachidule. Lowani Settings, System, Display, muzimitse Night light. Muonenso Color filters, amene amatha kuyaka mwangozi ndi Windows, Ctrl ndi C. Ziwirizi zimakhudza masikirini onse awiri, choncho ngati laputopu ikuoneka bwino musachedwepo.

Tsopano tifike pa VGA, kebulo ya mutu wabuluu wa zomangira ziwiri ija. Ndi yakale, IBM inaitulutsa mu 1987, koma mamonita ambiri amene timagula kuno amadalirabe yomweyo. Mutu wake uli ndi malo a timano 15 m'mizere itatu, ndipo mtundu uliwonse umayenda pa waya wakewake: dzino loyamba ndi la kufiira, lachiwiri la kubiriwira, lachitatu la buluu. Mitundu itatuyi ikaphatikizana ndiye mumaona zoyera. Umodzi ukasowa, zotsalazo zimaulula. Zoyera zikasanduka chikasu, wasowa ndi buluu. Zikasanduka pinki kapena pepo, wasowa ndi wobiriwira. Zikaoneka za buluu wotuwa wopita ku kubiriwira, kufiira ndi kumene sikukufika.

Kuti mutsimikize, tsegulani Paint pa monitayo, mujambule mabokosi atatu, lofiira, lobiriwira ndi labuluu. Bokosi limene lioneke lakuda kapena lodera kwambiri ndilo la waya wakufa.

Yatsani tochi ya pafoni muyang'ane m'kati mwa mutu wa kebulo, mbali zonse ziwiri. Mukapeza dzino lopindika, liwongoleni pang'onopang'ono ndi kachubu ka bolopeni yotha inki, kamodzi kokha, chifukwa mukabwereza limathyoka. Dzino limodzi la mzere wapakati, la nambala 9, likasowa musadandaule, makebulo ambiri akale anapangidwa choncho. Fumbi la mwezi wa Okutobala limadzaza m'timabowo ta monita, liuzireni. Kenako lowetsani kebulo mpaka kumapeto n'kumanga zomangira zonse ziwiri. Gwedezani kebulo pafupi ndi mutu uku mukuyang'ana sikirini. Mtundu ukamabwera n'kuchokanso, waya waduka m'kati, gulani ina.

Pogulapo ndi pamene ine zinandivuta. Monita yanga itayamba chikasu ndinagula kebulo yatsopano pa benchi ina ya ku Malangalanga, ili m'pulasitiki mwake, mtengo pafupifupi theka la wa m'shopu. Chikasu chinatha, koma zilembo zinayamba kukhala ndi mthunzi kumanja, ndipo pasanapite nthawi kunabwera pinki. Popeza kebulo inali yatsopano, maganizo onse anapita pa monita. Mnzanga wa ku Area 25 atandibwereka kebulo yake yakale, yonenepa, zonse zinayera nthawi yomweyo. Yatsopano ija ndinaidula ndi mpeni kuti ndione. M'kati munali timawaya topyapyala ngati tsitsi, popanda chokutira chachitsulo chotchinga phokoso la magetsi, ndipo zotupa ziwiri za kumapeto zija, zimene pa kebulo yeniyeni mumakhala chitsulo cholemera, zinali pulasitiki yopanda kanthu. Ndiye pogula muzinyamula kebulo m'manja. Yabwino imalemera, ndi yonenepa, sipindika mosavuta. Kebulo yakale imene inabwera ndi monita imaposa yatsopano yopepuka, ndipo musagule ya mamita asanu pamene mukufunika mita imodzi ndi theka, chifukwa VGA ikatalika chithunzi chimafooka.

Malaputopu ambiri a masiku ano alibe VGA, ndiye ambiri timagwiritsa ntchito kaadaputa ka HDMI to VGA. M'kati mwake muli kachipangizo kosandutsa uthenga wa digito kuti monita yakale iumve, ndipo kamadya magetsi ochepa a 5 volts ochokera pa HDMI pomwepo. Totchipa timatentha, n'kuyamba kubiriwira kapena kuthimathima. Funani ka kabowo ka micro USB kuti muzikapatsa magetsi apadera. Kamagwira mbali imodzi yokha, kuchoka ku HDMI kupita ku VGA, ndiye wogulitsa akakuuzani kuti kamagwira konsekonse, chokanipo. Nyamulani laputopu, kayesedwe pa monita mukuona, mutenge lisiti. Amene akukana kuyesa amadziwa chimene akugulitsa, ndipo ya kabaza yobwererera m'tauni imatha kuposa ndalama imene munapulumutsa.

Njira yachidule ilipo. Suzumirani kumbuyo kwa monita. Ngati pali DVI, kabowo kakakulu koyera, gulani kebulo ya HDMI to DVI. Ilibe kachipangizo m'kati, ndipo mavuto ambiri a VGA amathera pomwepo. Mawu okha muzimvera pa laputopu. Koma ngati monita ili ndi kabowo ka mtundu wina kotchedwa DisplayPort, kebulo ya DisplayPort to HDMI musagule poganiza kuti muitembenuza kuti ichokere ku HDMI ya laputopu, siigwira.

Ngati mukugwiritsa ntchito HDMI mbali zonse, kebulo yoipa kawirikawiri imaonetsa timadontho tothwanima kapena chithunzi chimathima n'kubweranso. Sinthani kaye kebulo. Pinki kapena kubiriwira kukapitirira, mwina laputopu ikutumiza mitundu mwa njira yotchedwa YCbCr pamene monita ikuyembekezera njira ya RGB. Zakuda zikamaoneka zotuwa, laputopu yaiyesa monita TV n'kumatumiza Limited, 16 mpaka 235, m'malo mwa Full, 0 mpaka 255. Pokonzera pake pamatengera kampani imene inapanga chipangizo cha zithunzi cha mu laputopu yanu. Pa NVIDIA Control Panel pitani pa Change resolution, musankhe Use NVIDIA color settings, muike RGB ndi Full. Pa Intel Graphics Command Center funani Quantization Range pansi pa Display, muike Full. Pa AMD ndi Pixel Format, musankhe Full RGB. Mu Menu ya monita namonso muike RGB ngati mulipo posankha.

Zotsalazi n'zofulumira. Zimitsani HDR mu Display. Dinani Windows, Ctrl, Shift ndi B kuti diraiva, pulogalamu yoyendetsa zithunzi, iyambirenso. Sikirini ithima kamphindi. Zikakanika, tsitsani diraiva pa webusaiti ya kampani imene inapanga laputopu yanu, makamaka pa Wi-Fi ya ku ofesi chifukwa imamaliza bandulo. Mizere yoyenda pa VGA imene imatha mukazula chaja, vuto lili ku chaja kapena ekisitenshoni.

Pomaliza lumikizani laputopu ku TV ndi kebulo ina. Ngati nakonso mitundu yasokonekera, mwina kabowo ka HDMI ka laputopu kagwedera ndipo kakufunika mmisiri wowotcherera. Podikira, onani ngati USB-C yanu imatulutsa chithunzi, chifukwa si zonse zimene zimatero, musanagule adaputa yake.