Momwe mungamangire linga lalikulu la LEGO la Lion Knights' Castle

Bokosi lija anabwera nalo ndi mlamu wanga kuchokera ku Johannesburg, kumene ku Sandton City kuli sitolo ya LEGO, kampani yopanga zidole za tinjerwa tapulasitiki tolumikiza. Pamwamba pake panalembedwa nambala 10305, ndipo mkati munali tizidutswa 4,514 ndi tianthu 22. Linga limeneli linatuluka mu Ogasiti 2022, chaka chimene kampaniyi inkakondwerera zaka 90 chiyambireni mu 1932, pamene kalipentala wa ku Billund m'dziko la Denmark, Ole Kirk Christiansen, anayamba kupanga zidole zamatabwa. Mtengo wake potuluka unali madola a ku America 399.99, ndalama zosati zamasewera. N'chifukwa chake ndimamva chisoni ndikaona munthu akulimanga mothamanga ngati akuthawa mvula. Zambiri zokoma za linga ili zimakwiririka pansi pa makoma ndi madenga, ndipo amene amaziona bwino ndi womanga yekha, pa nthawi imene manja ake ali pomwepo.

Yambani ndi malo, bokosi musanalitsegule. Linga likatha limatalika masentimita 38 kupita m'mwamba, m'lifupi 44, ndipo kuchoka kutsogolo kufika kumbuyo ndi 33 likakhala lotseka. Likatambasulidwa limafuna malo oposa pamenepo. Pezani tebulo limene simudyerapo, chifukwa ntchitoyi siitha tsiku limodzi. Ife inatitengera madzulo asanu ndi atatu. Yalani chitenje chopanda maluwa ambiri, kapena nsalu yoyera, kuti kachidutswa kakagwa kasadumphe n'kulowa pansi pa kabati. Ikani pafupi mbale zingapo zakuya ndi thireyi ya mazira yopanda kanthu. Thireyi imeneyi ndi yabwino kwambiri posunga tinthu ting'onoting'ono monga timaluwa, timakapu ndi tizitsulo ta m'manja mwa asilikali. Ngati m'nyumba muli mwana wosakwana zaka 3, tebulolo likhale m'chipinda chotseka, pakuti tizidutswa timeneti akhoza kumeza.

Kenako tulutsani timatumba tonse n'kutindandalika motsatira manambala ake. Musatsegule tonse nthawi imodzi! Buku la malangizo limakuuzani thumba loti mutsegule, ndipo zonse zofunika pa gawo limenelo zili m'menemo. Mukatsegula, sankhani motengera maonekedwe osati mtundu. Kupeza kachidutswa kofiira pakati pa tinzake tofanana nako kukula n'kosavuta, koma kufufuza kamodzi kotuwa pa mulu wa zotuwa zokhazokha kumatopetsa maso, ndipo linga ili zotuwa ndiye zochuluka.

Pa nkhani ya maso yomweyi, kuwala kukhale kokwanira. Pali kutuwa kowala ndi kutuwa koderako, ndipo m'buku koderako kamafuna kufanana ndi kwakuda. Mitundu ya bulauni nayo imasokoneza. Magetsi akazima musakakamire kumanga ndi kandulo kapena tochi ya foni. Tsekani buku, mawa kuliko.

Tsopano kumanga kwenikweni. Pa sitepe iliyonse, pakona ya tsamba pamakhala kabokosi koonetsa tizidutswa tofunika ndi kuchuluka kwake. Tolani timeneto poyamba, tiikeni pambali, ndiye muyambe kulumikiza. Kakatsala kamodzi patebulo, dziwani kuti pali pamene mwadumpha, ndipo musapitirire. Malo ofunika kusamala koposa ndi maziko. Werengani timitu ta pamwamba pa njerwa ndi chala, kamodzikamodzi, chifukwa kuphonya kamutu kamodzi pansi kumadzaonekera khoma litakwera kale. Zinandichitikira pa tsiku lachiwiri. Ndinasuntha kambale kamodzi kobiriwira, ndipo ndinadzazindikira patapita masamba ambiri pamene khoma linakana kukumana ndi linzake. Ndinaphwasula ntchito ya ola lathunthu. Pophwasula gwiritsani ntchito kachida kapulasitiki kaolenji kamene kamabwera m'bokosi. Mano ndi mpeni zimasiya zipsera zosachoka.

Gawo lililonse likatha, dinani njerwa zonse ndi chala chachikulu kuti zigwirane zolimba, makamaka pamene pali mahinjesi. Linga ili limatseguka ndi kutsekeka, choncho pamene pakhwepa m'pamene padzagumukire.

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo. Mbali imodzi ya linga ndi ya moyo wa tsiku ndi tsiku. Muli khitchini, chipinda chogona, ndi chigayo chimene mphero yake imazungulira mukapotoza gudumu la madzi lili kunja. Mukamaliza kulumikiza magiya a chigayocho, pukusani gudumu kangapo musanamange khoma lotsatira. Likamalimba, mwina mwapanikiza giya kwambiri pa ndodo yake. Lisuntheni pang'ono kuti lipume. Chitani chimodzimodzi ndi mlatho wokwezeka wa pachipata ndi chitseko cha mipiringidzo chotsika kuchokera kumwamba. Kukonza zinthu zimenezi nsanja itamangidwa kale pamwamba pake ndi ntchito yowawa.

Ndipo musangoyesa ngati zikuyenda, ziyang'aneni. Zimene mukumangazo anthu a ku Ulaya anazimangadi ndi miyala. White Tower ya ku London inayamba kumangidwa cha m'ma 1078 mu ulamuliro wa William the Conqueror, ndipo ilipo mpaka lero. Mano amene mukuika pamwamba pa khoma sanali okongoletsa. Msilikali ankabisala kuseri kwa dzino, n'kuponya muvi kudzera pampata. Timazenera topapatiza tija tinali toti wa mkati aone ndi kulasa, koma wa kunja alephere kulowetsa muvi wake. Mlatho ukakwezedwa ndipo chitseko cha mipiringidzo chikatsika, mdani ankatsala kutsidya kwa madzi. Mwana wa mchemwali wanga, amene tinkamanga naye, atamva zimenezi anasiya kufunsa kuti timaliza liti, n'kuyamba kufunsa kuti chakudya chikatha mkati ankatani. Funso lake linali lenileni, chifukwa malinga ambiri ankagwa ndi njala, adani atawazinga kwa miyezi, osati ndi lupanga. Apo m'pamene chigayo chija chinaoneka kufunika kwake.

Palinso tinthu timene anatiika pokumbukira akale. Linga loyamba la LEGO linatuluka mu 1978, nambala 375, ndipo linali lachikasu. Mukamanga chipinda china mudzapeza kalinga kakang'ono kachikasu kali ngati chidole cha ana a m'nyumbamo. Chizindikiro cha mkango chimene chili pa zishango chinayamba kuoneka mu 1984. Asilikali a Black Falcons, anthu a m'nkhalango ovala zobiriwira otchedwa Forestmen amene ali ndi kobisalira kawo pansi pa linga, ndi wamatsenga Majisto, onsewa ndi a m'zidole za zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Kobisalira kaja kajambuleni ndi foni mukangokamaliza, pakuti pamwamba pake pakamangidwa simudzakaonanso bwino chotero.

Ngati mukumanga awiri, gawanani ntchito mwachilungamo. Wina azifufuza tizidutswa, wina azilumikiza, ndipo muzisinthana pa thumba lililonse. Bokosi linalembedwa kuti ndi la azaka 18 kupita m'tsogolo, koma mwana wa zaka 10 wofatsa amakwanitsa bwino akakhala ndi wamkulu pambali. Tianthu ndi mahatchi musiyireni iye.

Thumba likatha mudzaona kuti patsala tizidutswa ting'onoting'ono tingapo. Musade nkhawa, amaika tapadera mwadala. Tisungeni m'kabotolo. Koma chikatsala chachikulu, bwererani m'buku. Chikasowa, yang'anani kaye m'makona a thumba la pulasitiki, pansi pa chitenje ndi pansi pa mpando. Chikapanda kupezeka, kumapeto kwa buku kuli mndandanda wa tizidutswa tonse ndi manambala ake, ndipo pa webusaiti ya LEGO pali poitanitsira chosowacho. Buku likang'ambika kapena kunyowa, malangizo omwewo ali pa intaneti ndiponso mu apu ya LEGO Builder.

Mukamaliza, ganizirani poliika. Dzuwa ndi mdani wa pulasitiki imeneyi: njerwa zoyera ndi zotuwa zimasanduka zachikasu zikakhala pawindo miyezi yambiri. Fumbi la mu Okutobala nalo limalowa pakati pa timitu tonse. Kabati ya magalasi ndiye yabwino, koma ikasowa, phimbani ndi nsalu yopepuka ndipo muzisesa ndi burashi yofewa yopentera kamodzi pa sabata. Njerwa zikada kwambiri, zitsukeni pamanja ndi sopo wochepa m'madzi ofunda osapitirira madigiri 40, n'kuziyanika pamthunzi. Ponyamula linga, litsekeni kaye ndipo mugwire pansi ndi manja awiri, kapena muliike pathabwa. Mukagwira nsanja, idzatsala m'manja mwanu.

Lathu tinaliika lotseguka theka, kuti mlendo aone khitchini ndi chigayo popanda kuligwira. Mfumukazi ili pahatchi yake pamlatho, asilikali a Black Falcons akufika pachipata, ndipo mwana uja anaumirira kuti mmodzi wa Forestmen akhale atasuzumira kuchokera kobisalira kwawo, uta uli m'manja. Akabwera Loweruka lililonse amayamba wapukusa gudumu la chigayo, kenako n'kusintha malo a alonda a pakhoma.