Kusamutsa Configuration Manager kampani ikagawikana

Tiyerekeze kuti kampani yogula kachewere ndi nyemba, imene inali ndi maofesi ku Dedza boma, ku Lizulu ndi ku Ntcheu, yagawikana pawiri, ndipo mbali ya ku Ntcheu, imene yatenganso ofesi ya ku Lizulu, yatsegula domeni yakeyake ya Active Directory (kaundula wa Microsoft wa makompyuta ndi maakaunti a kampani). Maganizo amene amabwera msanga ndi ochotsa seva ya Configuration Manager, pulogalamu ya Microsoft yoyang'anira makompyuta onse a kampani kuchokera pamalo amodzi, mu domeni yakale n'kuilowetsa mu yatsopano. Chonde musachite zimenezo. Microsoft salola kusintha domeni kapena dzina la seva imeneyi ikaikidwa kale, ndipo mukakakamiza mudzatsala ndi seva yoyaka bwinobwino koma yosalankhulana ndi kompyuta iliyonse.

Njira yoyenera ndi kuika seva yatsopano mu domeni yatsopanoyo. Yambani ndi kukulitsa schema (ndondomeko ya zimene Active Directory imasunga) pogwiritsa ntchito extadsch.exe, pangani System Management container (malo a mu Active Directory amene seva imalembamo za iyo mwini), kenako perekani mphamvu zonse pa container imeneyo kwa akaunti ya seva. Site code, chizindikiro chimene mumapatsa seva yatsopanoyo poiika, imakhala ndi zilembo zitatu, kuphatikizapo manambala, ndipo siyenera kufanana ndi yakale. Ngati ya ku Dedza inali DZ1, ya ku Ntcheu ikhoza kukhala NU1, monga mmene zilili pa manambala a galimoto.

Mukatero, pa seva yatsopanoyo lozani seva yakale ngati source hierarchy, kutanthauza kumene zinthu zosamutsidwa zichokere, mutatsegula port 1433 ya SQL Server. Mapulogalamu, ma collection (magulu a makompyuta) ndi ma task sequence (ndandanda za ntchito zimene zimachitika zokha pa kompyuta) amasamuka, koma mbiri ya zida za mu kompyuta iliyonse sisamuka, imasonkhanitsidwanso mwatsopano. Apa ndi pofunika kudekha kwambiri, chifukwa collection iliyonse imene imasankha makompyuta potengera dzina la domeni yakale imafika yopanda kanthu, ndipo muyenera kuzitsegula imodziimodzi n'kukonza dzinalo pamanja. Onetsetsaninso kuti ma boundary (malire a netiweki amene seva iliyonse imayang'anira) a maseva awiriwa sakulowerana, apo ayi kompyuta ya ku Lizulu idzadziphatika ku seva ya eni ake akale.

Makompyuta asamutseni pang'onopang'ono ndi ADMT, chida cha Microsoft chosamutsira makompyuta pakati pa madomeni, ndipo pa iliyonse yendetsani ccmsetup.exe SMSSITECODE=NU1 kuti client, pulogalamu ya pa kompyuta imene imalankhulana ndi seva, iloze ku seva yatsopano. Ine ndimayamba ndi makompyuta asanu a mu ofesi imene ndikhoza kufikako wapansi, tsiku limene jenereta ili ndi mafuta okwanira, pakuti magetsi akazima ntchito ili pakati mumayambiranso. Ofesi ya ku Lizulu, kumene intaneti imachedwa, ikhale yomaliza, ndipo mafayilo a client muwatengere pa fulashi. Seva yakale musaizimitse, ndiponso trust (mgwirizano wodalirana) ya pakati pa madomeni musaidule, kufikira kompyuta yomaliza itaonekera mu console (pulogalamu yoyendetsera seva) yatsopano kuti ikugwira ntchito.