Momwe mungagonjetsere madeki othamanga pa Magic: The Gathering

Pakati pa ife olankhula Chichewa amene timasewera makadi a Magic kuno ku Harare, kaya ndi a ku Mufakose, Highfield, Mabvuku kapena Dzivarasekwa, deki yofiira yothamanga siisowa patebulo. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Makadi timagula ndi madola a ku America, ambiri amachita kuitanitsidwa kunja, ndipo deki ya mtundu umodzi siifuna ma land (makadi opereka mana, mphamvu yolipirira makadi ena) okwera mtengo. Amene wangoyamba kumene amaipeza msanga. Tsoka limagwera inu amene mwasonkhanitsa makadi amphamvu kwa miyezi, mwakwera kombi kuwoloka tauni yonse, koma masewera akutha makadi aja akadali m'manja.

Kaseweredwe kameneka si kachilendo. Richard Garfield anatulutsa masewerawa mu 1993 kudzera ku Wizards of the Coast, ndipo pofika 1996 Paul Sligh anali atachita kale bwino pampikisano ku Atlanta ndi deki yofiira imene anakonza Jay Schneider, yodzaza ndi timakadi totsika mana. Nzeru yake inali yoti mana asagone, turn iliyonse agwire ntchito yonse. Mpaka lero madeki othamanga amayendera mfundo yomweyo.

Musanayambe kusintha deki yanu, onani kaye liwiro lake m'manambala. Zitsanzo zanga ndi za Modern, umodzi mwa mitundu ya kaseweredwe ka Magic. Mnzanu wayamba ndiye, m'manja muli ma land awiri, Goblin Guide, Monastery Swiftspear, Lava Spike ndi Lightning Bolt ziwiri. Turn yoyamba Goblin Guide yalowa n'kumenya pomwepo, mwataya 2. Turn yachiwiri waika Swiftspear, waponya Lava Spike ya 3, Swiftspear yakula kufika pa 2 (imakula ndi 1 pa turn imeneyo nthawi iliyonse mwini wake akaponya khadi losakhala chilombo), Guide yamenyanso 2. Apo mwataya 7. Turn yachitatu Bolt ziwiri zakudulani 6, Swiftspear yamenya 3, Guide 2, zonse pamodzi 11. Phatikizani: 2, 7 ndi 11 ndi 20 ndendende, moyo wanu wonse. Makadi asanu ndi awiri oyamba aja ndi okwanira kupha munthu amene wangokhala osachita kanthu.

Koma taonaninso m'manja mwake ikatha turn yachitatuyo. Mwatsala timakadi tiwiri basi. Deki yothamanga ndi moto wa mapesi, umalilima mwaukali koma suchedwa kuzima. Ntchito yanu yonse ndi kukhala mukadali moyo pamene makadi amuthera, chifukwa kuyambira pamenepo khadi lanu lililonse limaposa lake.

Choyamba: konzani deki kunyumba

Yalani makadi anu 60 pamphasa kapena patebulo, muwaike m'milu motsata mana. Mulu wa mana 1, wa 2, wa 3, mpaka kumapeto. Ngati milu iwiri yoyambayo ndi yopyapyala pamene mulu wa 4 ndi 5 watukumuka, musafunefune kwina, matenda ali pomwepo. Chotsani ena mwa akuluakuluwo, ngakhale mumawakonda bwanji, muikemo makadi opha zilombo pa mana 1 kapena 2. Wosewera wakuda ali ndi Fatal Push, imene imapha chilombo cha mana 2 kutsika pansi ndi mana amodzi okha. Wofiira ali ndi Lightning Bolt yomweyo. M'chitsanzo chija, mukapha Goblin Guide itangomenya kamodzi, mwapulumutsa moyo 4 pofika turn yachitatu, ndipo mukupitiriza kupulumutsa 2 turn iliyonse yotsatira.

Ma land nawonso muwerenge. Deki yapang'onopang'ono imafuna 24 kapena kuposerapo pang'ono. Kuphonya land yachitatu pamaso pa deki yothamanga n'chimodzimodzi kumupatsa turn yaulere.

Chachiwiri: musaope mulligan

Apa ndi pamene ndimaona ambiri a ife tikugwa. Munthu watola makadi asanu ndi awiri, waona chilombo chake chachikulu cha mana 5, maso ayera, wati "ndasunga". Koma palibe chochita pa turn yoyamba, yachiwiri, ngakhale yachitatu. Ngati mukudziwa kuti mnzanuyo ali ndi deki yothamanga, makadi oterewa abwezeni, ndiyo mulligan imeneyo. Kuyambira 2019 lamulo ndi la London mulligan: mumatolanso asanu ndi awiri, kenako n'kubweza pansi pa deki khadi limodzi pa mulligan iliyonse. Ndiye kuti mumasankha nokha lotaya, ndipo lotaya likhale lalikulu lija. Makadi asanu ndi limodzi okhala ndi ma land atatu, chopha chilombo ndi chotchingira amaposa asanu ndi awiri ongokongola.

Pamasewera oyamba mwina simudziwa deki yake. Pa achiwiri ndi achitatu mulibe chowiringula.

Chachitatu: musadzibaye nokha

Ma land abwino a Modern amadya moyo. Fetch land, monga Polluted Delta, imafuna moyo 1. Shock land, monga Steam Vents kapena Watery Grave, imafuna 2 ngati mukufuna kuigwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Mukaphatikiza ziwirizo pa turn yoyamba mwalipira 3, ndiye kuti mwamuponyera Lightning Bolt yaulere asanatulutse n'khadi lomwe. Thoughtseize, khadi lochotsera mnzanu khadi m'manja, imachotsanso 2. Choncho mukaswa fetch, tengani land wamba ngati mitundu ya makadi a m'manja mwanu ikulola. Shock land iikeni yopendeketsa (yosapereka mana nthawi yomweyo) pa turn imene mana ake simukuwafuna. Pokhapokha ngati kulipira 2 kukupatsani mpata wopha chilombo chimene chikanakumenyani kangapo, pamenepo lipirani, n'kopindulitsa.

Chachinayi: tchingani, sinthanani makadi

Chilombo chanu pa ma turn oyambirira si chomenyera ayi, ndi mpanda. Chikhoza kukhala chodula, chimene munachisungira ndalama mwezi wathunthu, koma ngati chingafe pamodzi ndi Goblin Guide, chitchingeni. Kusinthana khadi limodzi ndi limodzi kumakomera inu, poti deki yake ilibe njira zambiri zotolera makadi owonjezera, ndipo zimene azitola kutsogoloku ndi timakadi tating'ono ndi ma land opanda ntchito.

Mukatchinga iye n'kuponya Bolt pa chilombo chanu kuti achichotse, musadandaule. Moyo 3 umenewo ukanachoka kwa inu. Khadi lililonse loyaka limene lagwera pa chilombo ndi khadi limene silinafike pankhope panu.

Swiftspear ndi yochenjera, isamaleni. Imaoneka yofooka, 1/2 chabe (imamenya 1, imafa ikavulazidwa ndi 2), koma ngati ali ndi mana otsegula akhoza kuikuza mutatchinga kale. Nthawi yabwino yoipha ndi Bolt ndi pamene ma land ake onse apendekeka, kawirikawiri pa turn yanu. Musadikire kuti mupeze mpata wokongola. Fatal Push siyang'ana kukula kwake, choncho imeneyo mukhoza kuponya nthawi ina iliyonse.

Kanthu kenanso kakang'ono: Goblin Guide ikamenya, mumaonetsa khadi lapamwamba pa deki yanu, ndipo likakhala land limalowa m'manja mwanu. Musaiwale kulitenga. Ndi mphatso yokhayo imene deki imeneyi imapereka.

Chachisanu: zindikirani mtundu wa mdani, ndiye mutsegule sideboard

Madeki othamanga alipo a mitundu iwiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Wina amadzaza tebulo ndi tizilombo tambirimbiri, monga ma Goblin kapena asilikali oyera. Ameneyu amaopa makadi osesa tebulo lonse. Pyroclasm imavulaza chilombo chilichonse ndi 2 pa mana 2, Anger of the Gods ndi 3 pa mana 3, Wrath of God imapha zonse pa mana 4. Chinsinsi chake ndi kudekha pang'ono kuti atulutse zitatu kapena zinayi musanasese, koma kudekha kwake kukhale kowerengera, musadikire mpaka moyo wanu utafika poti Bolt imodzi ikumalizeni.

Winayo ndi wa moto, wa Burn, amene zilombo zake n'zochepa ndipo makadi ambiri amalunjika pa inu. Kwa ameneyu Wrath of God ndi yolemera, ipha chilombo chimodzi iye akupitiriza kukuotchani. Chimene chimamupweteka ndi kuwonjezera moyo. Khadi lake lililonse limadula pafupifupi 3, choncho Timely Reinforcements, imene pa mana 3 imakupatsani moyo 6 ngati wanu ndi wochepa kuposa wake, ndi asilikali atatu a 1/1 ngati zilombo zanu n'zochepa kuposa zake, yamufafanizira makadi awiri n'kukumangiraninso mpanda. Kitchen Finks imapatsa 2 polowa, ikafa imabwerera n'kupatsanso 2, ndiye kuti imatchinga kawiri. Kor Firewalker ndiye mliri weniweni kwa wofiira: makadi ofiira sangaikhudze, ndipo aliyense akaponya khadi lofiira inu mumapeza moyo 1.

Naye amadziwa zimenezi. Ambiri amanyamula Skullcrack, ya mana 2, imene imaletsa kuwonjezera moyo pa turn imeneyo n'kukudulaninso 3. Ngati wasiya ma land awiri otsegula popanda chifukwa chooneka, kayikirani. Mukatha kudikira kuti apendeketse mana ake, dikirani. Mukapanda kutha, ponyani basi, chifukwa kusunga Timely Reinforcements m'manja mpaka kufa n'kutaya kopanda nzeru.

Sideboard, makadi apadera amene mumasinthanitsa ndi a m'deki pakati pa masewera, ndi makadi 15 okha, ndipo madeki ena nawonso amafuna malo ake. Ine ndimaona kuti pabwalo ngati lathu, pomwe wofiira sasowa, kupatula malo anayi kapena asanu a nkhondo imeneyi si kuwononga. Potulutsa, yambani ndi Thoughtseize, kenako makadi a mana 5 ndi 6, kenako oletsa matsenga amene amafuna mana ambiri. Kumbukiraninso kuti wogonja masewera apitawo ndi amene amasankha woyamba. Mukagonja, sankhani kuyamba inuyo nthawi zonse. Woyamba satola khadi pa turn yoyamba, inde, koma turn imodzi patsogolo pa deki yothamanga imaposa khadi limenelo kutali.

Chachisanu ndi chimodzi: werengani, kenako tembenukani mumenye

Lembani moyo wa nonse awiri papepala ndi cholembera. Madayisi amagubuduzika wina akagunda tebulo, mkangano n'kuyamba. Malamulo amakulolani kuwerenga makadi a m'manja mwa mnzanu nthawi ina iliyonse, ndiponso kuona makadi amene wataya kale. Funsani mwaulemu, "Achimwene, mwatsala ndi makadi angati?" Akati awiri, ganizani kuti onse ndi a 3, muwonjezere 3 wa khadi limene atole. Ngati moyo wanu uli 9 kapena kutsika, muli pangozi, chilombo chisachoke pampanda. Muyang'anenso mulu wa otayidwa: khadi lililonse, kupatula ma land wamba, limaloledwa kanayi kokha m'deki, ndiye ngati Bolt zitatu zapita, yatsala imodzi.

Gawo lomaliza ndi limene ochenjera ambiri amaliphonya. Mwapulumuka, tebulo ndi lanu, m'manja mwake mulibe kanthu, moyo wanu uli pa 7. Ambiri apa amapitiriza kubisala kuseri kwa mpanda, akuopa. Koma turn iliyonse imene mwamupatsa ndi khadi lina latsopano, ndipo makadi atatu a moto akwanira kukumalizani ngakhale alibe chilombo n'chimodzi chomwe. Mpanda sutchinga Lava Spike. Werengani ma turn amene mukufuna kuti mumuphe, muwerengenso amene iye akufuna, poganiza kuti mwina theka la zimene atole lidzakhala moto. Mukaona kuti muli patsogolo, siyani chotchingira chimodzi cha chilombo chothamanga chimene angatole, zotsalazo zonse zimenye. N'chifukwa chake deki yanu, ngakhale yodziteteza chotani, ikhale ndi chilombo chimodzi kapena ziwiri zotha kumaliza masewera m'ma turn atatu kapena anayi.

Zonsezi zimalowa m'mutu poyeserera. Simufunika kugula deki yofiira kuti muiphunzire. Lembani mayina a makadi patimapepala, mutilowetse m'mapulasitiki pamwamba pa makadi akale, musewere ndi mnzanu kunyumba. Pampikisano wovomerezeka timapepalati sitiloledwa, koma pophunzira palibe choletsa, ndipo magetsi akathima makadi a pepala amaseweredwabe pakhonde kukadali kowala. Musinthane madeki pakatha masewera angapo, kuti inunso mugwire yofiirayo m'manja. Mudzamva nokha mmene mtima umagwera mnzanu akaika Kitchen Finks pa turn yachitatu inu mutatsala ndi makadi awiri, ndipo mudzadziwa khadi loyenera kusaka pochita mulligan Loweruka likubwerali.